Mwana wa Fomu 3 akufuna udokotala koma sanagwirepo burette (chipangizo choyezera cha mu labu): tchuthi chino timuthandize bwanji?

Make Tadala (Mponela):
Moni nonse apagulu. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi watsiriza Fomu 3 pa CDSS ya kwathu kuno, Seputembala akubwerayu alowa Fomu 4. Chiyambire ali ku pulayimale amangoti adzakhala dokotala. Masamu amayesetsa ndithu, Biology ndiye kumtima kwake, koma Chemistry ndi Physics zikumuvuta. Sukulu yawo ilibe labu. Aphunzitsi amajambula zipangizo pa bolodi, ana n'kukopera m'makope, basi. Dzulo anandifunsa kuti, "Amama, kodi burette imakhala yaitali bwanji?" Ine kukamwa kunangoti yasa, pajatu sukulu ndinalekezera Fomu 2.

Tsono pali abambo ena atsegula sama, sukulu ya pa tchuthi, ku Lilongwe. Akuti milungu isanu, masamu ndi sayansi, ana azigonera konko. Ndili ndi soya amene ndinasunga kuti ndigulire feteleza. Ndigulitse ndimutumize mwanayu, kapena pali njira ina? Amene munadutsamo ndigaireni nzeru.

Nangozo (Area 25):
Amayi, musanagulitse soyayo pitani kaye mukaone malowo ndi maso anu. Ine chaka chatha ndinalipirira mwana wanga sama ina mtauni muno, dzina sinditchula. Pa pepala analemba kuti kuli labu. Nditapita kukamuona sabata yachiwiri, ndinapeza ana odzaza chipinda chimodzi mpaka ena pakhomo, mphunzitsi akuwerenga mayankho a mapepala akale a MANEB, ana akulemba. Labuyo inali kabati yokhoma. Mwana anabwerako ndi makope awiri odzaza, koma nditamufunsa chifukwa chake yankho lili choncho, anangoti "ndi mmene anatiuzira". Zinandipweteka mtima chifukwa ndalamayo ndinachita kukongola ku banki m'khonde.

Bambo a Mphatso (Kasungu):
Komatu tisaiwale William Kamkwamba wa ku Wimbe kwathu kuno. Anasiya sukulu nthawi ya njala ija ya 2002 chifukwa chosowa fizi, koma anapanga makina amphepo opangira magetsi pongowerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono. Mapeto ake anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kumaliza ku Dartmouth mu 2014. Mwana wofuna amaphunzira paliponse.

Aphunzitsi a Sayansi (Dowa):
Bambo a Mphatso, nkhani ya Kamkwamba ndimaikonda ndipo ana anga ndimawauza. Koma taonani chimene chinamuthandiza: iye uja ankagwira zinthu ndi manja, dayinamo ya njinga, mawaya, mapaipi, akalakwitsa n'kuyambiranso. N'chimenecho chimene mwana wa amayiwa akusowa. Ndiponso MANEB sidzamufunsa kuti ali ndi mtima wofuna bwanji, idzamupatsa pepala la practical.

Make Tadala, ndiloleni ndifotokoze pang'ono, ndaphunzitsa Chemistry ndi Physics zaka zambiri ndithu, kuyambira nthawi imene zinali phunziro limodzi la Physical Science.

Choyamba dziwani mpikisano umene mwanayu akulowa. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi amawerengera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Koma za udokotala ku KUHeS, imene kale inali College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zisanaphatikizidwe mu 2021, amayang'ananso masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Credit ya 6 mu Chemistry singamufikitse patali, chifukwa malo amatenga anzake a 1 ndi 2. Tsono tchuthi chino n'chofunika zedi, sindikukana.

Koma funso n'lakuti milungu isanuyo akachite chiyani. Ana ambiri amene ndimawalandira mu Fomu 4 akunena kuti Chemistry yawavuta, ukawafufuza bwino vuto lawo si Chemistry, ndi masamu a Fomu 2. Mutu wa mole, muyeso wa kuchuluka kwa zinthu mu Chemistry, ndi umene umagwetsa ambiri. Ukamuuza mwana kuti mole imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, n'kumufunsa kuti m'magalamu 45 muli ma mole angati, amayamba kufufuza fomyula m'mutu, chonsecho akanakhala pamsika n'kuuzidwa kuti mulu wa tomato ndi K18 ndipo ali ndi K45, akanadziwa kuti agula milu iwiri ndi theka. Ndi ratio basi. Chimodzimodzi Physics: mwana amadziwa fomyula ya magetsi ya V = IR, koma umuuze kuti apeze R, manja amanjenjemera chifukwa change of subject, kutembenuza fomyula kuja, sanaimvetse. Sama imene ingomupatsa mayankho oloweza sichiza matenda amenewa, imangopaka mafuta pachilonda.

Make Tadala (Mponela):
Aphunzitsi, mwalasa penipeni. Za mole zomwezo ndi zimene analira nazo teremu yathayi. Koma nanga za practical atani poti labu kulibe?

Wa chaka chachitatu, uinjiniya:
Amayi, ndiyankheko monga munthu amene ndinachokera ku CDSS yopanda labu ngati mchemwali wangayo. Burette yeniyeni ndinaigwira koyamba masiku ochepa mayeso a MSCE asanayambe, titayenda makilomita angapo kupita ku sukulu ina. Ndinakhoza, mwa chisomo. Koma chimene anthu sakuuzani ndi cha ku koleji. Chaka choyamba, sabata yoyamba, mphunzitsi akuyamba calculus ngati kuti tonse tinaionapo. Anzathu amene analemba Additional Mathematics ku sukulu zawo ankangogwedeza mutu, ife tili phee. Mu labu anzathu akuthamanga, ine ndikuopa kukhudza chilichonse kuti ndingaswe n'kulipitsidwa. Mnzanga wina wanzeru kuposa ine anabwerera kumudzi chaka chomwecho. Sanali wofooka, anangoyamba mpikisano anzake ali kale patsogolo.

Chimene chinandipulumutsa ine n'chakuti pakati pa mayeso a MSCE ndi kuyamba koleji pamakhala miyezi yambiri yongokhala, ndipo achimwene ena a kutchalitchi kwathu amene amaphunzitsa masamu anandikhazika pansi katatu pa sabata. Sitinachite zapamwamba ayi. Factorisation, indices, logarithms, trigonometry, kujambula magrafu mpaka dzanja kuzolowera. Ankandipatsa funso limodzi, n'kundisiya nalo ola lathunthu osandiuza yankho. Poyamba ndinkawada, ndinkaona ngati akundizunza. Pano ndimawathokoza tsiku lililonse.

Malume wa ku South Bend:
Moni abale kumudziko. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma zimene wanena mphwangayu zandikumbutsa za kuno. Vuto la mwana wanzeru wochokera ku sukulu yosauka amene akafika ku koleji amapezeka ali m'mbuyo, kuno ku America analiona kalekale. Kuli pulogalamu ya boma yotchedwa Upward Bound imene inayamba mu 1965, ndipo mu 1990 anawonjezera nthambi yake ya masamu ndi sayansi. Amatenga ana a sekondale ochokera m'mabanja opeza movutikira, kapena amene makolo awo alibe digiri, n'kuwapititsa pa yunivesite milungu isanu ndi umodzi nthawi ya tchuthi cha June ndi July. Salipira kanthu. Amalowa m'malabu enieni, amaphunzitsidwa ndi anthu a pa yunivesite pomwepo, ndipo sukulu ikatsegulira samawataya, amapitiriza kuwathandiza chaka chonse mpaka polemba mafomu a ku koleji.

Mwana wa mlongo wanga anadutsamo. Chimene ndinaona chasintha mwa iye si magiredi okha. Anasiya kuopa. Ankalankhula za yunivesite ngati malo amene amawadziwa, kuti laibulale ili apa, ukasokonezeka umakagogoda pa ofesi ya mphunzitsi nthawi yakuti. Ife amene tinakulira kumudzi timadziwa mantha amene munthu amakhala nawo polowa pa geti ya malo otere.

Kuli mapulogalamu enanso apamwamba kwambiri, monga MITES ya ku yunivesite ya MIT imene inayamba mu 1975, ndi PROMYS ya ku Boston University imene ana amathera milungu isanu ndi umodzi makamaka pa nthambi ya masamu yotchedwa number theory. Ku PROMYS ndinamva mmene amaphunzitsira ndipo n'zofanana ndi za achimwene a kutchalitchi aja: amakupatsa mafunso, iwe uvutike nawo, upeze wekha njira.

Nangozo (Area 25):
Malume, zabwino zonsezo, koma Tadala ali ku Mponela. Upward Bound imeneyo ingamutenge?

Malume wa ku South Bend:
Ayi achemwali, imeneyo ndi ya ana okhala kuno amene ali ndi mapepala a dziko lino. Sindinafune kupatsa amayiwa chiyembekezo chabodza. Ndimangosonyeza muyeso woti ayezere sama ya ku Lilongweyo: kodi ana agwira zipangizo? M'kalasi muli angati? Akamaliza milungu isanuyo alipo adzamutsatire mwanayo? Ya ana a ku Africa imene ndikuidziwa ndi Yale Young African Scholars. Ndi yaulere, koma si ya masamu kwenikweni, imathandiza ana kukonzekera kulembera mayunivesite, ndipo mafomu ake amatseka miyezi ingapo tchuthi chisanafike. Ku ofesi ya EducationUSA ku Lilongwe amafotokozanso zambiri kwaulere.

Anamwino (Thyolo):
Kwathu konkuno ziliponso, musaiwale. Mu 2017 ku yunivesite ya MUST, ku Ndata kuno, kunachitika kampu ya atsikana yotchedwa WiSci. Kunabwera atsikana a sekondale a ku Malawi, a mayiko ena a mu Africa ndi a ku America, ndipo makampani monga Google ndi Intel anatumiza anthu awo kudzaphunzitsa. MUST yakhalanso ikuchititsa makampu a sayansi a atsikana pa tchuthi. Vuto lake malo amakhala ochepa, ndipo uthenga umafika mochedwa ku sukulu za kumidzi. Make Tadala, apempheni ahedi a pa sukulupo kuti akamva za zoterezi azikumbukira mwana wanu, ndipo inunso muziyang'ana tsamba la MUST pa Facebook.

Koma ine nkhawa yanga ndi ina. Mwatchula zogonera konko. Mwana wamkazi wa zaka zimenezi, milungu isanu, m'manja mwa abambo amene simukuwadziwa. Kodi kuli matroni? Agona nyumba yanji, chitseko chake chimakhomedwa ndi ndani? Ine ku ntchito kwanga ndimaona atsikana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akubwera ku sikelo, ndipo ena ukawafunsa nkhani imayambira ku self boarding kapena ku sama komweko. Sindikunena kuti malo onse ndi oipa. Koma mufunse mafunso amenewa mopanda manyazi, ndipo akakwiya nawo dziwani kuti yankho mwalipeza.

Make Tadala (Mponela):
Anamwino, mwanena zimene bambo ake akhala akunena, ine ndimaona ngati akungokaniza ndalama. Ndamva.

Naphiri wa ku Joni:
Kuno ku South Africa amati winter school, ya ana a matric, kalasi yomaliza ya sekondale, pa tchuthi cha June ndi July, masukulu ambiri amachititsa okha. Ine chimene ndinaphunzira n'chakuti chitseko chimatsekeka kale mwana asanafike kalasi yomaliza. Kuno mu Grade 10 mwana amasankha pakati pa Mathematics ndi Mathematical Literacy. Wanga anasankha yachiwiriyo chifukwa anzake anati ndi yophweka, ine osadziwa kanthu, ndili kalikiliki ndi ntchito. Pofika nthawi yolembera uinjiniya anamuuza kuti sizitheka. Kumudzinso ana amasiya Physics kapena Chemistry polowa Fomu 3 chifukwa choopa. Amayi, mwana wanu poti sanazisiye, wachita kale chinthu chachikulu. Mulimbikitseni asazisiye polembetsa mayeso, ngakhale wina amuuze kuti zimuonongera mapointi.

Aphunzitsi a Sayansi (Dowa):
Ndabweranso, ndinali m'munda. Make Tadala munafunsa za practical popanda labu. Ndikuuzeni zimene ndimachita ndi ana anga, zina ndinaziphunzira ku maphunziro a aphunzitsi a SMASSE, amene amatilimbikitsa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pakhomo.

Chidede muli nacho kumeneko? Wiritsani maluwa ake ofiira aja, musefe madziwo. Ameneyo ndi indicator, madzi osintha mtundu akakumana ndi acid kapena base. Thirani pang'ono m'makapu oonekera mkati. M'kapu imodzi finyiranimo ndimu, muona kufiira kukuwala. Mu ina thiranimo chidulo chomwe mumaphikira therere chija, mtundu usintha kupita kobiriwira moderako. Apo mwana waona ndi maso ake kusiyana kwa acid ndi base, ndipo sadzaiwala. Ayesenso viniga, sopo, soda, madzi a pa mjigo, azilemba zonse mu tebulo.

Burette tilibe, koma sirinji yatsopano yopanda singano ya 10 ml kapena 20 ml imagulitsidwa ku famase ndipo ili ndi mizere yoyezera. Asungunule soda m'madzi, ayeze mlingo wake, athiremo madontho a chidede, kenaka azidontheza viniga pang'onopang'ono mpaka mtundu utembenuke. Alembe wathira ma ml angati. Abwereze katatu, apeze average. Kenaka achulukitse soda kawiri, alosere yekha kuti viniga afunika wochuluka bwanji, ayese aone ngati analondola. Si titration yolondola ngati ya mu labu, koma nzeru yake ndi yomweyo, ndipo dzanja limaphunzira kudekha. Tsiku limene adzagwire burette ndi pipette ya 25 cm³, n'kuona indicator wa mu labu wotchedwa phenolphthalein akuchoka pa pinki kukhala wopanda mtundu, sadzachita mantha.

Physics ndiye yosavuta kuposa apa. Chingwe cha mita imodzi, mwala kunsonga, mangani pa nthambi ya mango. Achikankhe pang'ono, awerenge maulendo 20 opita ndi kubwera, wina atagwira wotchi ya pa foni. Apeza masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi awiri pa ulendo umodzi. Akaika mu fomyula ya pendulum apeza g, mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, pafupi ndi 9.8, nambala imene wakhala akungoloweza m'buku. Ndinaonapo mtsikana wina akulumpha ndi chimwemwe atapeza 9.7 pansi pa mtengo, akuti, "Sala, ndiye kuti ndi zoonadi!" Kenaka afupikitse chingwe, ayesenso, ajambule grafu. Mamakisi ambiri a practical ali pa tebulo lolembedwa bwino, ma unit, ndi grafu yokhala ndi sikelo yoyenera. Zimenezo sizifuna labu, zimafuna graph paper, rula ndi pensulo yosongoka.

Komabe ndisakunamizeni, zipangizo zenizeni ayenera kuzigwira mayeso asanafike. Masukulu a sekondale ali m'ma cluster, ndipo mu cluster mwanu mukhoza kupezeka sukulu yokhala ndi labu. Nthawi ya tchuthi labuyo imangokhala yokhoma. Makolo angapo mukagwirizana, n'kupita kwa ahedi mwaulemu kudzera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, n'kusonkha ya ma chemical ndi kangachepe ka mphunzitsi, ambiri savuta.

Wa chaka chachitatu, uinjiniya:
Kuwonjezera pa za aphunzitsiwa, ngati pali foni yamakono kapena laputopu pafupi, pali PhET, pulogalamu yoyeserera za mu labu ya ku University of Colorado Boulder. Ndi yaulere. Mwana amalumikiza ma circuit, kusintha resistance, kuona ammeter ikusuntha. Ubwino wake ukaikopera kamodzi imagwira popanda intaneti, ndiye bandulo sikutherani. Pulogalamu ina ya GeoGebra ndi yabwino pa magrafu. Ine ndikubwera ku tchuthi sabata ya mawa, kwathu ndi ku Madisi, pafupi pomwepo. Ndikhoza kubweretsa zonsezi pa fulashi.

Bambo a Mphatso (Kasungu):
Aphunzitsi, ndagonja. Za chidede ndi chidulo sindinaziganizepo, chonsecho zili m'khitchini mwanga. Wanga ali Fomu 2, tiyesa madzulo ano. Koma funso langa: mwana yekha pakhomo angalimbike milungu isanu? Kuno akangotsekera, ndi kumunda, kumsika, kudyetsa mbuzi. Mtsikana ndiye ntchito zimamuchulukira kuposa mnyamata.

Nangozo (Area 25):
Apo mwanena zoona. Ubwino umodzi wa sama, ngakhale yoipa ija, unali woti mwana anachoka pa mtondo ndi pa chitsime. Make Tadala, mukamusunga pakhomo mumupatsedi nthawi. Mmawa wonse ukhale wake, asamatumidwe.

Adimini:
Abale, wina watumiza nambala ya foni ya sama ina ndi mitengo yake, ndachotsa. Malonda pagulu pano ayi. Pitirizani kukambirana.

Make Tadala (Mponela):
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri, ndawawerengeranso bambo ake. Lero mmawa ndinawaimbira abambo a ku Lilongwe aja. Ndafunsa kuti m'kalasi mukhala ana angati, akuti "zimatengera". Ndafunsa za matroni, akuti akazi awo aziyang'anira. Ndafunsa ngati ndingabwere kudzaona labu, akuti zipangizo zikubwera. Soya wanga sindigulitsa.

Ndalankhula ndi amayi anzanga atatu amene ana awo ali kalasi imodzi ndi Tadala, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi. Tagwirizana kuti anawa azikumana mmawa uliwonse kupatula Lamulungu, kuyambira 7 koloko mpaka 11, m'kachipinda ka kutchalitchi, abusa avomera. Ntchito za pakhomo azigwira masana. Ahedi tikawaona Lolemba za labu ija. Chimene tikusowa ndi munthu wowatsogolera. Achimwene a ku Madisi, kodi mungatithandize ngakhale kawiri pa sabata? Thiransipoti tisonkha.

Wa chaka chachitatu, uinjiniya:
Amayi, ndavomera ndi mtima wonse. Lachiwiri ndi Lachisanu. Koma ndipempha kuti mayi mmodzi azikhalapo nthawi zonse tikamaphunzira, monga anenera anamwino, kuti pasakhale zokayikitsa. Tsiku loyamba sindiphunzitsa, ndidzawapatsa mafunso khumi a masamu a Fomu 2 kuti ndione pamene pali dzenje. Muwauziretu asakhumudwe akalakwa.

Malume wa ku South Bend:
Ma scientific calculator anayi, graph paper ndi ma sirinji zikhale kwa ine. Adimini, ndithandizeni njira yofikitsira ndalama kwa amayiwa kumbali.

Aphunzitsi a Sayansi (Dowa):
Ine ndibwera Loweruka lachiwiri ndi lachinayi la Ogasiti, pa njinga yamoto ndi ulendo waufupi. Ndili ndi ammeter, voltmeter ndi mawaya anga, ndibweretsa. Mphwanga wa ku Madisi, yamba ndi ratio ndi change of subject, mole tidzaigwire limodzi ndikabwera. Make Tadala, chidede chouma chimagwiranso ntchito, ngati kumunda chinatha funsani kumsika. Chidulo mukachisefe dzulo lake, ndipo makapu akhale agalasi kapena mabotolo oyera odula pakati, kuti ana aziona mtundu bwinobwino.

Make Tadala (Mponela):
Chidede chilipo chodzaza lichero, aphunzitsi. Tadala wamva zonse, panopa ali panja akufunafuna chingwe, akufunsa ngati cha thumba la feteleza chingachite.

Aphunzitsi a Sayansi (Dowa):
Chingachite, bola chisakhale chotamuka. Mita imodziyo ayeze kuchokera pa mfundo ya kunthambi mpaka pakati pa mwala, osati pamwamba pake.